Anaphunzitsa Mkamwini

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Sikuti mutu unali wouma ayi, koma ine ndi aphunzitsi tinasiyana maganizo, ndipo poti iwo anali ndi nyumba pasukulu pomwepo, wochoka ndinali ine. Choncho mukaona mawu ena akutsimphina m'nkhaniyi, alambalaleni, musawaponde.

Kwathu ndi ku Msakambewa, ku Dowa. Koma kukwatira ndinakakwatira kumapiri a ku Ntchisi, chikamwini. Achinyamata a m'tauni mwina simukudziwa, ndiye ndikuuzeni. Mwamuna umasamuka n'kukakhala kwawo kwa mkazi. Nyumba umamanga ndiwe, koma dothi ndi lawo. Munda umalima ndiwe, koma ndi wa akazi ako. Ana umabereka ndiwe, koma mwini wake ndi mlongo wa akazi ako, atsibweni awo a anawo, amene timati mwini mbumba. Ine ndinakhala pamudzi umenewo mpaka imvi kumera, komabe pakagwa nkhani ankandiitana anthu atayamba kale kusasa fumbi kumatako.

Mwana wathu womaliza anali wamkazi. Anabadwa bwinobwino, wolongolola ngati bambo ake. Atangoyamba kuthamanga anadwala malungo aakulu, nakomoka masiku angapo. Thupi linachira, koma mawu sanabwerenso. Anakula, nakhala namwali wamtali ngati amake, wamphamvu woti n'kugwetsa mwamuna. Akafuna chinthu, kapena china chikamunyansa, ankadziluma pamkono n'kumamenyetsa mutu kukhoma. Khoma la pakhonde pathu linachita kulowa m'kati pamalo pamene ankagunda. Kwa asing'anga tinapita, akulu a mpingo anabwera kudzapemphera, koma khomalo linkangolowerabe.

Ndiye kunabwera matipate, ndale za zipani zambiri zija. Magalimoto oyera anachuluka m'mapiri mwathu kuposa mbuzi. Bungwe lililonse ndi nkhani yake: awa zitsime, awa mitengo, awa kudzatiphunzitsa kuvota, ngati kuti kuponya pepala m'bokosi n'kovuta kuposa kusoka fodya. Alamu anga, mwini mbumba uja, amene dzulodzulo ankatiimitsa pamsika kufunsa khadi lachipani, anagula jekete nasanduka katswiri wa za ufulu wachibadwidwe. Msonkhano uliwonse wokhala ndi chakudya chamasana unkawapeza pampando wakutsogolo.

Pakati pa chipwirikiti chimenechi panatulukira amayi ena pa mthuthuthu, njinga yamoto ija, atavala chisoti chachikulu ngati mphika. Ankagwira ntchito ku bungwe lina loona za olumala, ofesi yawo ili ku boma la Ntchisi, ndipo za mwana wathu anazimva kuchipatala. Anali a kumpoto. Chichewa chawo chinkayenda ngati ngolo ya gudumu limodzi lopindika, koma chinkafika.

Maulendo oyamba sanachite chilichonse. Ankangoyala chitenje pabwalo, kukhala pansi, n'kumayang'ana. Ndinawafunsa ngati bungwelo likulembabe anthu ntchito yokhala pansi, poti ine luso limenelo ndili nalo kuyambira ubwana. Anaseka, napitiriza kuyang'ana. Mankhwala sanabweretse, jakisoni ayi. Akazi anga anayamba kunong'ona kuti mwina ndi kazitape wa boma latsopano.

Tsiku lina anatiitana awirife nati:

"Bambo, mayi, mwanayu si wopusa. Asanagunde mutu amayamba wayang'ana chikho. Palibe amamuona. Akagunda, nonse mumathamanga ndi madzi. Ndiye waphunzira kuti madzi amapemphedwa ndi mutu."

Zinandiwawa, chifukwa zinali zoona, ndipo anazinena ndi Chichewa chopindika.

Ntchito inayambira pamenepo. Anatiphunzitsa kumuyang'anitsitsa. Akangokhudza chikho, madzi nthawi yomweyo, ndi kanjere ka mtedza wokazinga pamwamba. Akagwira pakamwa, chakudya. Akakoka malaya a munthu, ndiye kuti watopa ndi phokoso, mumuchotsepo. Poyamba tinkachita kumugwira dzanja n'kulifikitsa pachikho, kenako kungomukhudza pachigongono, kenako osamukhudza n'komwe. Koma akayamba kugunda mutu, unkaika chikhatho pakati pa mutu ndi khoma, osamukalipira, osamunyengerera, osamuyang'ana m'maso, osalankhula kanthu. Apa m'pamene panali mavuto anga. Ine kukhala chete! Akazi anga ankauza anzawo kudambo kuti mwana kaya achira kaya ayi, koma bungwe lapeza mankhwala a pakamwa pa bambo ake.

Masabata oyamba zinthu zinaipiraipira. Mwana anaona kuti khoma lasiya kugwira ntchito, ndiye ankagunda mwamphamvu kuposa kale. Chikhatho changa chinatupa. Amayi aja anali atatichenjeza kuti zidzatero, ndipo anati tikagonja pamenepo ndiye kuti tamuphunzitsa kugunda kwambiri. Sitinagonje. Pofika nyengo yokolola, mwana wanga ankakhala pamkeka kutongola chimanga pamodzi ndi amake. Mabala a pamkono anauma. Lamulungu tinayamba kupita naye kutchalitchi, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo akakoka malaya anga tinkatuluka. Ndivomere, maulaliki ena ndinkalakalaka atakoka msanga.

Tsopano pa nkhani ya kusiyana. Amayiwa sanatibisire. Kuyambira tsiku loyamba ankanena kuti iwo anabwera kudzachoka, ndipo kuchokako ndi gawo la ntchito, osati mathero ake. Ankati munthu wotere sumusiya tsiku limodzi, ngati mmene amachitira amayi ena popaka tsabola kubere kuti mwana aleke kuyamwa. Umachoka pang'onopang'ono, mpaka tsiku limene wachokeratu iye osaona kusiyana.

Ndipo anachitadi mwaluso, zimenezo sindingawalande. Ankabwera sabata iliyonse, kenako kudumphitsa sabata, kenako kamodzi pamwezi. Poyamba ankakhala pamkeka pafupi ndi mwana. Kenako anasunthira pakhonde, ine ndili pamkeka. Kenako pansi pa mtengo wa mango, akungoyang'ana patali ngati mmene anayambira. Mtedza nawo tinauchepetsa, mpaka kungomuombera m'manja kunkakwana. Ndikalakwitsa sankandidzudzula pamaso pa mwana. Ankadikira ndiwaperekeze ku mthuthuthu, n'kundiuza akumanga chisoti.

Atatsala pang'ono kumaliza anapempha kuti abale onse a pamudzi asonkhane. Anati nzeru zimenezi zisakhale m'mutu mwa anthu awiri okha, aliyense wokhala ndi mwanayu aphunzire. Alamu anabwera ndi jekete lawo, namvetsera mwaulemu akuyang'ana wotchi. Pomaliza anati zonse amva ndipo ndi zabwino kwambiri, koma zimenezi ndi za bambo ake a mwana, iwo ali ndi misonkhano yambiri yachitukuko. Mng'ono wa akazi anga, amayi ake aang'ono a mwanayo, anabwera kamodzi ndi khanda kumbuyo, nachoka pakati poti fodya anali m'chigafa kudikira manja.

Musawaone ngati anthu oipa mtima. Kwa iwo ntchito imeneyi inali ngati kumanga nkhokwe kapena kufolera denga la apongozi: ntchito ya mkamwini. Munthu wamkulu, mwini mbumba, angakhale pamkeka tsiku lonse kudikira kuti mtsikana akhudze chikho? Alipo kale wobwera woti achite zimenezo.

Amayi a mthuthuthu anafunsa funso limodzi, ndipo analifunsa kawiri: mwanayu azikhala ndi ndani masiku onse? Onse analoza ine ndi akazi anga. Sanali kunama. Tsiku limenelo zinali zoona. Amayiwo anakhutira, chifukwa kwawo kumpoto pokwatira amapereka ng'ombe, ndipo mwana ndi wa bambo ake mpaka kumanda. Anandiyamikira pagulu kuti abambo ambiri sachita zotere, ine n'kufufuma ngati chule. Zoti bambo wa kuno ndi munthu wobwereka iwo sankazidziwa, ndipo palibe anaganiza zowauza. Ungayambe bwanji? Akazi anga anali pompo, athanzi, akusenda nyemba. Ndani angatsegule pakamwa pamaso pa munthu wamoyo n'kunena kuti nanga awa akamwalira?

Tsiku lotsanzikana kunabwera mabwana a bungwelo pa galimoto yoyera, ndi zakumwa za m'mabotolo. Alamu ndiwo analankhula m'malo mwa banja. Anathokoza bungwe, anathokoza boma, anathokoza demokalase, nanena kuti ife monga mbumba tagwira ntchito yaikulu pa mwana ameneyu. Ine zambiri sindinazimve, chifukwa anthu atachuluka mwana anakoka malaya anga, ndipo tinakakhala kuseri kwa nyumba. Amayi aja anatipeza kumeneko. Sanachite mwambo uliwonse. Anamuombera m'manja mwanayo kamodzi, monga ankachitira masiku onse, nandiuza kuti adzabwera kudzatizonda tikakolola, ndipo zikadzavuta ndidzapite ku ofesi.

Sanabwere. Ndinamva kuti nthawi ya bungwelo m'boma lathu inatha, ndipo anawatumiza kwina. Sindiwada. Mthuthuthu sunali wawo.

Chaka chotsatira chinali chabwino kuposa zaka zonse za ukwati wanga. Ndinganene zambiri, koma zokoma sizichedwa kufotokoza. Tinkalima, mwana ali kumutu kwa mzere ndi chikho chake. Basi.

Akazi anga anamwalira dzinja linalo. Anadwala masiku ochepa chabe. Mvula inali itadula msewu, galimoto sizinkafika, ndipo tinawanyamula pa ngolo. Anatisiya tisanaone n'komwe malata a chipatala.

Pamaliro mwana anayambiranso kugunda mutu. Ndinadziwa chochita, ndipo patapita masabata angapo zinatsika. Koma panabuka nkhani ina. Anthu anayamba kunena kuti sizoyenera bambo wamasiye kugona nyumba imodzi ndi mwana wamkazi wamkulu chotere. Ndiponso kumusambitsa ine sindikanatha. Apa sindinatsutse. Anamusamutsira kwa amayi ake aang'ono kuti azigona kumeneko, ine n'kumamutenga m'mawa kukhala naye mpaka dzuwa kupendeka. Zinkayenda. Ndinayamba kuganiza kuti mwina andiiwala, poti kuiwalika pamudzi umenewo ndinali ndikuzolowera.

Sanandiiwale. Titakolola anatumiza uthenga kwa ankhoswe anga ku Msakambewa kuti abwere tidzasudzulane. Kusudzula ndi mwambo womasula wamasiye: amakuthokoza, amanena kuti ulibe mlandu pamudzi, ndipo uli ndi ufulu wobwerera kwanu n'kukakwatira ngati mafupa akulola. Ndi mwambo waulemu. Alamu analankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, misonkhano ija inawathandiza. Anati ndinali mkamwini wolimbika, wosaba, wosamenya mkazi, vuto pakamwa pokha. Anthu anaseka, inenso ndinaseka.

Kenako ndinapempha kulankhula. Ndinati ufuluwo ndathokoza, koma ndikupempha kukhala, chifukwa cha mwana. Anayankha mofatsa kuti munda umene ndinkalima unali wa malemu, ndipo pali ana aakazi a pamudzi amene angokwatiwa kumene, amuna awo akusowa polima. Ana anga ena sakanandiimira: anyamata anali okwatira kwina, nawonso akamwini, ndipo wamkazi wamkulu anali ku esiteti ya fodya kutali ndi mwamuna wake. Ndiye ndinati chabwino, ndipatseni mwanayo ndipite naye, mlongo wanga ku Msakambewa wavomera kuti azimusambitsa.

Alamu anavula magalasi.

"Alamu, mwana si khasu loti munthu n'kunyamula popita kwawo. Anthu akamva adzati chiyani? Adzati mbumba ija yalephera kusunga mwana wa mlongo wawo, mpaka kumupereka kwa mkamwini. Ife tilipo. Magazi athu sitingawataye."

Nkhoswe yanga inanditsina pantchafu kuti ndikhale chete. Titapita kuseri inandiuza kuti ndisachititse manyazi anthu a kwathu, mwambo ndi mwambo, ndipo alamuwo sanalakwe mawu ngakhale amodzi. N'zoonadi, sanalakwe. Ndi chimene chimandiwawa mpaka lero.

Anandipatsa masiku ochepa oti ndilongedze. Katundu wanga anali woti n'kulongedza madzi asanawire, choncho masikuwo ndinawathera kwa mlamu wanga wamkazi uja, kuyesa kumuthira m'mutu zimene ine ndinaphunzira nyengo ziwiri. Ndinamuonetsa za chikho, za pakamwa, za malaya, za chikhatho pakhoma. Anamvetsera ndi mtima wonse, mayi wabwino ndithu, khanda likulira kumbuyo, wina akukoka chitenje, mwamuna wake akuitana kuchigafa. Pomaliza anati:

"Alamu, ndamva. Koma ine maso ndili nawo awiri okha, ndipo onse ali ndi ntchito kale."

Ndinapita wapansi ku boma kukafuna ofesi ija. Ndinapeza muli telala akusoka mayunifolomu a ana a sukulu yaulere. Anati za bungwe sakudziwa, koma ngati ndili ndi buluku long'ambika ndisiye. Kuchipatala anandilandira bwino, nati angathe kupereka mapiritsi ogonetsa, kapena kulemba kuti mwanayo apite kuchipatala cha amisala kummwera. Ndinawauza kuti mwana wanga si wamisala, amangofuna munthu womuyang'ana. Anati zimenezo akumvetsa, koma munthu woyang'ana alibe.

Amayi a mthuthuthu anatha miyezi akuchoka, kuchoka pamkeka kupita pakhonde, pakhonde kupita pamtengo, kuti mwana asamve kupweteka. Mwambo wathu ulibe khonde, ulibe mtengo. Dzulo unali bambo, lero wanyamula kathumba uli pamsewu. Ndinachoka m'mawa iye akudya phala. Sindinatsanzike, poti ndikanatsanzika ndi mawu ati?

Ku Msakambewa ndinakhala miyezi ingapo ndikumanga kanyumba pafupi ndi mlongo wanga, munthu wa imvi kuyambanso ngati mnyamata. Nditafolera ndinatumiza uthenga kudzera mwa bambo wina wogulitsa usipa pa njinga, amene ankazungulira midzi ya mbali zonse ziwiri, kuti Loweruka ndikubwera kudzaona mwana.

Anandilandira ngati nduna. Ana anathamangira kudzandilandira kathumba. Ananditulutsira mpando, mpando weniweni wotsamira, umene zaka zonse zija ndinkangouona pansi pa alamu. Madzi osamba m'manja anabwera ofunda. Ndipo anapha nkhuku. Ine pamudzi umenewo ndinakumba zimbudzi, ndinakumba manda, ndinasenza mitengo ya milatho, koma nkhuku yophera ine ndinali ndisanaionepo. Ndinafunsa za mwana. Anati akupuma, ndiyambe ndadya.

Ndili pakati pa ntchafu ya nkhukuyo ndinamva kugunda. Phokoso limenelo ndingalizindikire ngakhale pakati pa ng'oma. Linkachokera m'nyumba yanga yakale, imene tsopano ankasungiramo makasu ndi matumba. Chitseko chinali chomangidwa kunja ndi waya.

Ndinaimirira. Alamu anandigwira dzanja mwaulemu.

"Khalani pansi, alamu. Inu ndinu alendo."

Ndinakhala. Ndinamaliza nkhukuyo, ndinasamba m'manja, ndinathokoza, poti mlendo amatero. Kenako ndinapempha chilolezo choona mwana wanga, ndipo anandipatsa.

Anali pakona, chipumi chotupa, mkono uli ndi mabala atsopano pamwamba pa zipsera zakale. Sanali wowonda, ndipo zovala zake zinali zochapa, zimenezo ndinene. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinakhala pansi pafupi naye osalankhula. Sanandikankhe, koma sanandikhudzenso. Tinakhala choncho mpaka mthunzi unafika pakhomo.

Mlamu wanga wamkazi anandiperekeza mpaka kumtsinje, ndipo kumeneko ndinamufunsa ngati amamutsekera masiku onse. Analumbira kuti ayi. Anati masiku wamba amakhala pakhonde, amatongola chimanga akafuna, amagunda mutu nthawi zina koma amamusiya. Kungoti masiku ano amatsomphola chakudya m'mbale za anthu, ndiponso mabala aja amachititsa manyazi, ndiye alamu analamula kuti kukabwera alendo azikhala m'nyumba. Anati lero anamutsekera kuyambira m'mawa, poti sankadziwa nthawi imene ndifike.

Ulendo wotsatira sindinatumize uthenga. Koma mapiri a ku Ntchisi sabisa munthu. Ukangotulukira pamtunda, ana a pamudzi akuona kale, ndipo ndinawaona ndi maso angawa akuthamangira kunyumba. Pamene ndinkawoloka mtsinje, waya anali atamanga, nkhuku ina ikuthamangitsidwa. Ndinayesa kudzera njira yakumanda, ndinayesa tsiku la msika. Chimodzimodzi. Ndinawapempha kuti asamandione ngati mlendo. Alamu anadabwa kwambiri, nati kodi ndikufuna anthu azinena kuti mkamwini wawo wakale amamulandira ngati galu?

Ndiye ndinakhala pansi kwathu n'kuganiza ndi mutu wanga wa Sitandade 4. Ndikapita, mwana amatsekeredwa m'nyumba ya makasu, n'kugunda mutu mpaka kutupa, kuti bambo ake adye nkhuku mwamtendere. Ndikapanda kupita, amakhala pakhonde, padzuwa.

Ndinasiya kupitako.

Wausipa uja ndiye anakhala maso anga. Iye sankawerengedwa mlendo, poti munthu wonunkha nsomba samuphera nkhuku. Akadutsa kwathu ankatsika panjinga n'kundiuza kuti mwana wamuona, ali pakhonde, wanenepa, kapena wawonda pang'ono, kapena anali ndi chitsononkho m'manja. Ankandiuzanso zimene alamu ankanena pamisonkhano yawo, kuti abambo a masiku ano ndi osasamala, taonani uja wa ku Dowa, anangoti kusudzulidwa basi, mwana wake wolumala osadzamuonanso. Wausipayo ankayembekeza kuti ndikwiya, mwina nditumiza mawu oyankha, poti amandidziwa pakamwa. Ine ndinkangomufunsa kuti pakhondepo mwana anakhala mbali iti, kodi dzuwa linkamufika.